Anamenya Kawiri, Koma Mowa Sanamwe

Patha chaka chimwalirire malume anga, a Filimoni Longwe, ndipo ndinene poyera kuti mtima wanga sunatsikebe. Anthu akamandipepesa ndimayankha mwaulemu, koma m'kati ndimakhala ndikukangana nawobe malumewo. Munthu wouma mutu ngati iwo sindinamuonepo, ndipo sindikulakalaka kudzamuonanso. Zaka zisanu ndi zitatu zomaliza za moyo wawo anatizunguza mitu tonse ndi mlandu umodzi, womwe akanautha Lamlungu limodzi lokha akanangofuna.

Tsiku lomwe anamwalira, akazi awo, a Nyamhone, sanandifunse za bokosi kapena za galimoto. Anandigwira mkono pakhonde pa nyumba yawo ku Nkhorongo, maso ali gwa, n'kundifunsa chinthu chimodzi.

"Wezi, kodi mpingo uwaika?"

Malume anamwalira ali oimitsidwa mu mpingo, ndipo kwathu munthu wotero amangomupempherera pang'ono pamanda, opanda nyimbo, opanda nsalu ya mpingo pabokosi, opanda abusa. Kwa ena zimenezi n'zazing'ono. Kwa mayi amene wakhala akuimba pa maliro a anzake kwa zaka makumi anayi, kuika mwamuna wake mwakachetechete ngati mlendo wosadziwika kunali kufa kachiwiri. Ndipo amene anatifikitsa pamenepo sanali mdani aliyense ayi. Anali mwini wake yemwe wagona m'nyumbayo.

Ntchito yawo inali yokonza mafiriji. Mungaganize kuti mu Mzuzu, mozizira kale chonchi, ntchito imeneyi ndi ya njala, koma ogulitsa nyama, ogulitsa nsomba ndi eni malo omwera mowa onse ankawadziwa. Ankayenda pa njinga yakuda, chikwama cha zida kumbuyo, atavala jekete ndi tayi ngati akupita kukafunsira mbeta. Akafika sankathamangira kumasula kanthu. Ankayamba aika khutu pafirijipo n'kumvetsera, mwini wake akangotsegula pakamwa iwo n'kukweza chala kuti akhale chete.

Chala chimenecho tinakula nacho. Malume ankakonza chilichonse, osati mafiriji okha. Nyuzipepala ankawerenga ali ndi cholembera chofiira m'manja. Mlaliki akaphonya nambala ya vesi, ankamudikirira pakhomo pa tchalitchi. Ukanena kuti wafika naini koloko pomwe unafika itadutsa ndi mphindi zisanu, ankakuuza, ndipo ankakuuza pagulu. Ankati bodza laling'ono kulibe, monganso kulibe kabowo kakang'ono pa paipi ya gasi, chifukwa gasiyo amathabe yense. Tili ana tinkaona ngati ndi nzeru zakuya. Titakula tinaona kuti ndi njira yabwino yothamangitsira alendo pakhomo.

Mowa sanaulawepo. Bambo awo anamira panyanja kwathu ku Nkhata Bay atakwera bwato ali chiledzerere, malume ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndi iwo amene anatumidwa kukauza amayi awo. Nkhaniyi sankaikamba kawirikawiri, koma tonse tinkaidziwa. Anakhala mkulu wa mpingo zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo akaitanidwa kukakonza firiji ku bala ankalowera khomo lakumbuyo, masana, dzuwa likuona.

Analinso ndi lamulo lina lomwe sankalithyola. Sankagwira firiji magetsi ali oyaka, ndipo kuzula pulagi kokha sikunkawakwanira, chifukwa sankakhulupirira mawaya oikidwa ndi munthu wina aliyense padziko lino. Ankapita pa swichi yaikulu n'kuthimitsa nyumba yonse. Kupempha sankapempha. Ankaona ngati aliyense wanzeru akudziwa kale kuti ndi momwe ntchito imayendera.

Ndiye Loweruka lina masana anaitanidwa ku bala ina ku Salisbury Lines. Mkatimo munali modzaza, anthu akuonera mpira pa tivi, ndipo pa nthawi yomwe malume ankalowa kumbuyo, woimbira anali atangopereka penate. Wosewera anaika mpira pansi, anabwerera m'mbuyo, bala yonse inangoti zii. Malume, omwe mpira sankaudziwa n'komwe kuti uli ndi zigoli zingati, anatambasula dzanja n'kutsitsa swichi.

Poyamba anthu anatukwana a magetsi. Kenako wina anaona mkulu wa tayi atalowetsa mutu m'firiji, tochi ali nayo kukamwa. Amene anafika poyamba anali Khumbo, woyendetsa takisi, munthu wamtali wa zaka za m'ma makumi atatu, yemwe tsikulo anali atayamba kumwa m'mawa. Anawakoka malume pakolala, anawapanikiza kukhoma, n'kuwakhuthulira botolo lonse la mowa pamutu. Malume anali ndi sipanala m'manja. Mano awiri akutsogolo a Khumbo anakatoledwa pa simenti.

Apolisi atafika anapeza mnyamata akutuluka magazi ndi nkhalamba ikununkha mowa kuyambira kumutu mpaka m'masokosi. Analemba zomwe anaona ndi zomwe ananunkhiza, ndipo sindingawadzudzule.

Mpaka pamenepa ndimawamvera chisoni malume. Kuchokera apa ndi pamene ndimayamba kupsa mtima.

Atawatulutsa pa belo anawauza momveka bwino, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, kuti asayandikire wodandaula kapena mboni iliyonse. M'mawa mwake malume anagwira tambala woyera m'khola, anamumangirira pa njinga, ulendo wa ku Kaning'ina komwe Khumbo ankakhala ndi amayi ake. Sanauze munthu. A Nyamhone anazindikira poona kuti tambala kulibe. Atabwerako tinawazinga tonse, koma iwo anangotiyang'ana ngati ndife amisala. Anati kwathu ukakhetsa magazi a mwana wa munthu sudikira boma, umapita ndi nkhuku kwa makolo ake dzuwa lisanalowe kawiri, ndipo pepala la belo linalembedwa ndi munthu wosaleredwa.

Kukhoti woimira boma sanavutike n'komwe. Anangowafunsa ngati anapita kwa Khumbo.

"Enya, ndinapita."

"Kukatani?"

"Kukapepesa."

"Munthu wosalakwa amapepesa?"

"Yayi."

Basi, mlandu unathera pomwepo. Khumbo anati sakukumbuka bwino zomwe zinachitika, wapolisi anati onse awiri ankanunkha mowa, ndipo malume atayesa kufotokoza za botolo lija, nkhani ya tambala inali itawamiza kale. Anawapeza olakwa pa mlandu wovulaza munthu. Poona msinkhu wawo sanawatumize kundende, anangowachenjeza kuti akapalamulanso m'zaka ziwiri akalowa. Ife tinapuma. A Nyamhone anagwada panja pa khoti kuthokoza Mulungu. Tinkaganiza kuti zatha.

Koma m'chigamulomo, pa tsamba lachinayi, munali mzere wonena kuti anthu awiriwa anamenyana onse atamwa. Mzere umenewo unafika ku bwalo la akulu a mpingo, ndipo mlembi wa bwalolo, a Kamanga, mnzawo wa malume kuyambira ali anyamata, anauwerenga mokweza. Anawaimitsa pa ukulu ndi pa mgonero. Sanawatsekere khomo ayi. Anawauza kuti akaima pamaso pa mpingo n'kuvomera kuti anagwa ndi mowa, pakatha miyezi isanu ndi umodzi abwerera pamalo pawo. Anthu angati achita zimenezi? Ena amene anabwezeretsedwa chaka chomwecho anali ndi milandu yoti sindingailembe pano.

Malume anakana. Anati sangalape tchimo la munthu wina.

Apa ndi pamene ine ndinalowa m'goli, chifukwa cholakwa changa pa moyo uno n'chakuti ndinaphunzira kutayipa. Zaka ziwiri zoyamba ankalembera makalata bwalo la mpingo, ndipo kalata iliyonse ndinkaitayipa kanayi kapena kasanu. Ndikawabweretsera yoyera bwino, ankaivalira magalasi, cholembera chofiira chija chili m'manja. Kwathu malume timawatcha asibweni, iwo n'kumatitcha mphwanga.

"Mphwanga, apa walemba kuti ndinafika pa bala cha m'ma fili koloko. Fufuta. Ndinafika itatsala mphindi khumi."

"Asibweni, ndani angafunse zimenezo?"

"Mulungu."

Ndinkangonyamula mapepala anga n'kubwerera, ndikutukwana chamumtima njira yonse.

A Kamanga anawayankha komaliza kuti bwalo linatsata pepala la boma, ndipo silingasinthe pokhapokha pepala la boma litasintha. Ndikukhulupirira kuti ankangofuna kuwatseka pakamwa. Sankadziwa kuti awapatsa ntchito ya moyo wonse. Sabata yomweyo malume anayamba kufunsa za apilo, n'kupeza kuti masiku ochitira apilo anadutsa kalekale ndipo ayenera kuyamba apempha chilolezo ku khoti lalikulu. Loya woyamba anamuchotsa chifukwa analemba kuti malume anachedwa kaamba ka kudwala, pomwe iwo sanadwalepo. Wachiwiri anachoka yekha atabwezeredwa kalata yake itachongedwa ndi inki yofiira. Chilolezo chinapezeka mochedwa, ndipo kuchedwa konseko sindingakuike pa munthu wina koma iwo.

Nthawi yonseyi kutchalitchi sankajomba. Ankafika woyamba, n'kukhala pa benchi lakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, pomwe pamakhala amayi a ana olira. Tsiku la mgonero ankatuluka mwakachetechete nyimbo isanathe. Ulendo wina ndinawatsatira, ndinawapeza ataima kuseri kwa tchalitchi, chipewa chili m'manja, milomo ikutsatira mawu a abusa omwe ankamveka pawindo. Zinandiwawa kwambiri, ndipo kuwawako kunandikwiyitsanso, chifukwa khomo linali pomwepo, lotsegula.

Chimene chinandikwana koposa ndi nkhani ya Khumbo. Patapita zaka zitatu munthu uja anasiya mowa, anakwatira, ndipo tsiku lina anatulukira ku Nkhorongo atanyamula firiji pa takisi yake. Malume anaikonza. Kuyambira pamenepo Khumbo ankabwera pafupipafupi, ankawatcha adada, ankawanyamula pa takisi mvula ikagwa, akumwetulira ndi mpata wake wa mano uja. Ndipo ndinalipo tsiku lomwe anawapempha.

"Adada, ndiloleni ndipite kwa akulu a mpingo. Ndikawauze kuti mowa uja ndinakuthirani ndine. Kukhoti ndinkachita manyazi, n'chifukwa ndinati sindikukumbuka."

Ndinaona nkhani yonse ikutha sabata yomweyo. A Nyamhone, omwe ankasenda chinangwa pakhomo, anasiya mpeni.

"Yewo chomene, mwana wanga," anatero malume. "Koma usapite."

"Asibweni!" ndinakuwa ine.

Chala chija chinakwera. Anati iwo anatumikira mpingo zaka makumi atatu ndi chimodzi, anauza akulu anzawo ndi pakamwa pawo kuti sanamwe, ndipo sanawakhulupirire. Tsono akakhulupirira munthu amene tsikulo sankadziwa n'komwe dzina lake, kumeneko kudzakhala kutukwana koposa koyamba kuja. Anawachotsa ndi pepala la boma, adzawabwezera ndi pepala la boma. Anamulumbiritsa Khumbo kuti asadzapondeko. Tsiku limenelo ndinachoka osatsanzika, ndipo ndinatha mwezi osapitako.

Loya wachitatu anali Mayi Nkoloma, wochokera ku Zomba, wodekha koma wosalola zachibwana. Ndi yekhayo amene anawatha malume, kapena tinkaganiza choncho. Anapeza pogwira. Anati khoti loyamba silinaunike bwino mfundo yakuti munthu ali ndi ufulu wodziteteza, ndipo nkhalamba yopanikizidwa kukhoma ndi mnyamata woledzera, m'chipinda chodzaza anthu okwiya, ikamenya kamodzi kuti ipulumuke siinalakwe. Anati chigamulo chonse chikagwa, mzere wa mowa uja ugwera limodzi. Dzulo lake la tsiku la apilo anawakhazika pansi mu ofesi mwake.

"Bambo Longwe, mawa ntchito yanu ndi imodzi yokha, kukhala pansi. Apilo si malo operekera umboni. Wolankhula ndine. Jaji akakuyang'anani, inu yang'anani nsapato zanu."

"Ndamva, mama."

Tikutuluka, a Nyamhone anandinong'oneza kuti pa zaka zonse za ukwati wawo, mwamuna wawoyo akati wamva, ndiye kuti konzekerani.

M'khotimo zinthu zinayamba bwino zedi. Mayi Nkoloma analankhula mosadodoma, jaji akulemba n'kumagwedeza mutu, ndipo loya wa boma sankaoneka ngati ali ndi mtima wolimbana ndi nkhalamba pa nkhani ya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ine ndinayamba kuganiza za nyimbo yomwe tidzaimbe Lamlungu. Ndiye Mayi Nkoloma anafika pa mawu akuti munthuyu anamenya kamodzi kokha, pofuna kudzipulumutsa.

Ndinaona dzanja likukwera pang'onopang'ono, ngati la mwana wa sitandade fili. Ndinawakoka jekete. A Nyamhone anawatsina pantchafu. Anaimirirabe.

"My Lord, point of correction."

Mayi Nkoloma anatseka maso. Jaji anawayang'ana pamwamba pa magalasi, anawauza kuti ali ndi loya, ndipo chilichonse chomwe anene chikhoza kuwapweteka. Malume anati akudziwa, koma sangakhale pansi khoti likulemba zinthu zosaona. Jaji, mwina pofuna kungomva, anawalola.

"Sindinamumenye kamodzi. Ndinamumenya kawiri. Koyamba anali atandigwira pakhosi, ndinali ndi mantha, pamenepo loya wanga akunena zoona. Nditamumenya anandisiya. Koma mowa uja unali utandilowa m'kamwa, My Lord. Ndinaumva kukoma kwake, chinthu chomwe ndinalumbira ndili mwana kuti sichidzakhudza lilime langa. Ndinakwiya chomene. Ndinamutsatira n'kumumenyanso. Mano anachoka kachiwiriko."

Ine ndinkafuna pansi patang'ambika.

"Bambo," anatero jaji, "mukudziwa kuti mwangogwetsa apilo yanu?"

"Ine sindinabwerere zomenya. Kumenya ndinamenya, ndipo ndinalakwa. Ndabwerera tsamba lachinayi. Pamenepo analemba kuti ndinamwa. Sindinamwe."

Panja Mayi Nkoloma anavula mkanjo wawo wakuda, n'kuupinda bwinobwino. Anati chiyambire ntchito yawo aonapo anthu akugwetsedwa ndi mboni, ndi apolisi, ndi abale awo, koma munthu wodzikankhira yekha m'dzenje atavala tayi anali asanamuonepo. Malume anawathokoza chifukwa cha ntchito yabwino, n'kuwauzanso kuti pa ndime yachitatu anatchula molakwa dzina la bala.

Chigamulo chinatuluka patapita masabata angapo. Apilo inakanidwa, mlandu wovulaza munthu unakhala momwemo. Koma kumapeto jaji anawonjezera ndime yakuti panalibe umboni woti malume anamwa, kupatula fungo lomwe linali ndi chifukwa chake chomveka, ndipo khoti loyamba silinayenera kulemba choncho. Malume anaiwerenga ndimeyo ataimirira, kawiri, kenako anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Sindinawaonepo akusangalala chomwecho. Munthu waluza mlandu, koma ankayenda mu Nkhorongo ngati wapambana chisankho, ndipo ndivomere kuti nanenso ndinalira nawo.

Mukuganiza kuti zinathera pamenepo? Inenso ndinkaganiza choncho.

Bwalo la mpingo linakumana, ndipo a Kamanga anabwera okha kunyumba kudzanena zotsatira. Ndinalipo, ndinawapatsa mpando.

"A Longwe, za mowa tavomereza, zachoka. Koma pepala lomweli likuti munavulaza munthu, ndipo mwavomera nokha. Imani Lamlungu, munene mawu awiri, nkhani ithe. Malo anu alipo."

"Ndiima," anatero malume. "Koma muyambe ndinu. Munandiimitsa chifukwa cha mowa womwe sindinamwe. Bwalo liime, liuze mpingo kuti linalakwa. Mukakhala pansi, ine ndiimirira."

"Bwalo silinalakwe. Linatsata pepala."

"Linatsata pepala n'kusiya munthu."

Nkhalamba ziwiri, zomwe zinaphunzira kusambira tsiku limodzi, zinakhala zaka ziwiri zikulimbirana woyamba kuimirira. Abusa anayesa, alongo awo a malume, omwe ndi amayi anga, anabwera kuchokera ku Nkhata Bay kudzalira pamaso pawo, osaphula kanthu. Tsiku lina zinandikwana ndipo ndinalankhula zomwe mwana sayenera kulankhula.

"Asibweni, mudzafa muli kunja! Simukuwamvera chisoni anti?"

Anapitiriza kupukuta sipanala ndi kansanza.

"Ndikafera kunja mudzandiika kunja, mphwanga. Koma sindidzayamba ndine."

Anagwa m'mawa wina akupopa njinga, ndipo pofika kuchipatala anali atapita kale. Sanayambe ndi iwo, monga ananenera.

M'mawa wa tsiku loika maliro akulu a mpingo anakhala pambali pa tenti ndi akuluakulu a banja, ndipo anandiitana chifukwa mapepala onse ankasunga ndine. A Kamanga anali atakalamba usiku umodzi. Analankhula motsitsa, osayang'ana munthu. Anati malamulo ndi malamulo, munthu anamwalira asanalape, iwo sangachitire mwina, atumiza mkulu mmodzi kuti akapemphere kumanda. M'nyumbamo a Nyamhone anali atavala kale yunifolomu yawo ya amayi a mpingo, akudikira.

Ndinatsegula pakamwa, koma wina anandiyambirira. Anali Khumbo. Anachoka pomwe ankawaza nkhuni, anabwera n'kukhala pansi pa dothi patsogolo pa akuluwo.

"Monire mose, adada. Pepani, ine si wa mpingo wanu. Ndine uja anandigulula mano."

Panalibe amene sankamudziwa.

"Anandiletsa kubwera kwa inu, ndipo ndinamvera. Lero sangandiletse. Mowa uja ndinawathira ndine, koma zimenezo khoti linanena kale. Ine ndabwerera zoti sanalape. Tsiku lija anabwera ndi tambala kwathu, ine ndinali gone pamphasa, kukamwa kuli kotupa. Anaika tambala pansi, anavula chipewa, anagwada. Pa dothi, ndi suti. Anagwadira amayi anga, kenako anatembenuka n'kugwadira ine, chidakwa, mwana woti angamubereke. Anati wakhetsa magazi anga chifukwa cha mkwiyo, ndimukhululukire. Ndinawatukwana. Anakhalabe chogwada mpaka amayi anawadzutsa. Kenako anakanenanso pamaso pa jaji popanda wowafunsa. Tsono ine ndikufunsa, adada, munthu amalapa kangati?"

Zogwadazo palibe amene ankazidziwa. Ine ndinatayipa nkhani ya tambala ija kosawerengeka, ndi nthawi yake, ndi mtundu wa nthenga zake, koma zogwada sanandiuzepo. Chinthu chokhacho chomwe chikanawathandiza ndi chomwe anachisiya m'makalata onse. Ndinakwiya mpaka misozi.

A Kamanga anadzutsa mutu.

"Filimoni anagwada?"

"Anagwada, adada."

A Kamanga anayang'ana ndodo yawo. Kenako anatembenukira kwa mkulu mnzawo n'kumuuza kuti athamange akauze abusa, ndipo pobwera atenge nsalu ya mpingo. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zisanu ndi zitatu mlandu wa malume unayenda bwino, ndipo chifukwa chake n'chakuti mwini wake sanathe kuimirira kuti auwononge.

Anaikidwa ndi nyimbo. A Nyamhone anayenda kutsogolo kwa amayi anzawo, akuimba mpaka mawu anawathera. Kumanda a Kamanga anapempha kulankhula, ndipo pamaso pa anthu onse anati bwalo linamulakwira munthuyu, ndipo iwo eni anamulakwira koposa chifukwa ankamudziwa. Anali mawu omwe malume anawadikira zaka zonse zija. Anachedwa ndi masiku atatu okha.

Kuseri kwa nyumba ya ku Nkhorongo kuli kashedi ka malata komwe ankagwirira ntchito. Eni mafiriji anabwera kudzatenga awo, patsala awiri okha omwe palibe akudziwa eni ake, zitseko zili pululu, ndipo mu imodzi mwa iwo a Nyamhone amasungamo makala kuti asanyowe. Denga likudontha pakona, pansi pamera ndere. Pakhoma pali misomali m'mizere, ndipo pa msomali uliwonse anajambulapo ndi choko chithunzi cha chida chomwe chimakhalapo, koma zidazo anagawana adzukulu, patsala zithunzi zokhazokha. Mpando wawo wachitsulo uli pomwe unali, kuyang'ana kukhomo.

Ndimapitako Loweruka lililonse kukaona anti, ndipo nthawi zonse ndimapezeka ndalowa m'shedimo popanda chokatenga. Ndimafika nditakonzeka. Njira yonse ndimakhala ndikusanja mawu owauza kuti analakwitsa, kuti anatizunza pachabe, kuti akanangolola Khumbo kupita zonsezi sizikanachitika, ndipo masiku ano mfundo zanga zimakhala zakupsa, zoti sangaziyankhe. Ndimaima patsogolo pa mpandowo n'kuzinena zonse mpaka kumapeto. Palibe amandidula mawu, ndipo chimenecho ndiye sindikutha kuchizolowera.